Timu Imene Sidagonje Caka Conse

Nkhani iyi ndi ya kuwerengera ana. Aphunzitsi kapena makolo awerenge gawo limodzi kapena awiri pa tsiku. Ana amvetsere bwino, kenaka afotokoze okha zimene amva.

1. Mpira wa kutali

Mwana aliyense amaudziwa mpira. Ana ambiri amamanga okha mpira wawo ndi mapepala a pulasitiki ndi zingwe. Amaumenya ndi phazi pabwalo la sukulu kapena pamsewu. Wogwira mpira ndi manja walakwa, kupatula goloboyi yekha.

Kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic kuli dziko la United States, limene anthu ambiri amangolichula kuti America. Kumeneko kuli mpira wa mtundu wina. Mpira wake si wobulungira. Ndi wautali, wosongoka uku ndi uku, wonga cipatso ca mlambe. Osewera amaunyamula m'manja n'kuthamanga nawo. Amauponyanso kwa anzawo. Kumenya ndi phazi amamenya mwa apo ndi apo.

Mpira umenewu amasewera ngakhale ophunzira a ku yunivesite. Yunivesite ndi sukulu yaikulu imene munthu amapitako akatsiriza sekondale. Matimu a mayunivesite amakumana kawirikawiri Loweruka, kuyambira kumapeto kwa mwezi wa Agosto. Pofika Janeiro imapezeka timu imodzi yoposa onse, ndipo imatenga cikho ca dziko lonse.

M'caka ca 2019 matimu akuluakulu a mayunivesite adalipo 130. Timu imodzi idasewera masewera 15 ndipo idapambana onse 15. Dzina lake ndi LSU. Anthu angapo amene adatsogolera timu imeneyi adali oti kale adakanidwapo kwina.

2. Kodi mpira umenewu amasewera bwanji?

Timu iliyonse imalowetsa anthu 11 m'bwalo. Kutalika kwa bwalo ndi mayadi 100, ndiye kuti pafupifupi mamita 91. Timu imafuna kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, mbali ya adani ake. Ikaufikitsa imapeza mapointi 6. Kumeneku ndiye kugoletsa kwake, ndipo pa Cingelezi amati touchdown. Kenaka wosewera mmodzi amamenya mpira ndi phazi kuti udutse pakati pa mitengo iwiri yaitali. Ukadutsa, timu imawonjezera pointi 1. Timu imene yalephera kufika kumapeto ingathe kumenya mpira pakati pa mitengo ija n'kupeza mapointi 3.

Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa maulendo anayi. Pa maulendo anayiwo iyenera kupita patsogolo mayadi 10. Ikatha kutero imapatsidwa maulendo ena anayi. Ikalephera, mpira umapita kwa adani. Nchito ya adani ndi kugwira wonyamula mpira n'kumugwetsa pansi. N'cifukwa cake osewera amavala cisoti colimba kumutu ndi zochinjiriza m'mapewa. Ngakhale avale zimenezi, ambiri amavulala ndithu. Ana asayese kugwetsana cotere pabwalo la sukulu.

Aliyense m'timu ali ndi nchito yake. Kutsogolo kumaima anyamata asanu amatupi akuluakulu. Iwo ali ngati mpanda. Kumbuyo kwa mpandawo kumaima woponya mpira, amene pa Cingelezi amamucha quarterback. M'mbali mumaima anyamata aliwiro, amene amathamanga kukawakha mpira. Palinso wina amene amalandira mpira m'manja n'kuthamanga nawo pakati pa adani. Mpanda ukagumuka, woponya amagwetsedwa asadaponye. Woponya akaponya pambali, wowakha amathamanga pacabe.

3. Timu ya LSU ndi mdani wake

LSU ndi kufupikitsa kwa dzina lakuti Louisiana State University. Yunivesite imeneyi ili mumzinda wa Baton Rouge, m'cigawo ca Louisiana, kummwera kwa America. Mzindawu uli m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Mississippi. Louisiana ndi dera lotentha, la madambo ambiri. Alimi a kumeneko amalima nzimbe ndi mpunga, ndipo asodzi ndi ambiri.

Timu ya LSU imachedwa Tigers. Tiger ndi nyama ya ku Asia yofanana ndi kambuku, koma ndi yaikulu ndipo ili ndi mizeremizere m'thupi. Mitundu ya timu ndi iwiri: wacikasu ngati golide, ndi wina wonga maluwa a jakaranda. M'bwalo lawo mumalowa anthu oonera oposa 102,000.

LSU idatengapo cikho ca dziko lonse m'zaka za 1958, 2003 ndi 2007. Kucokera pamenepo zaka zidapita popanda cikho. Padali timu imodzi imene idali kuichinga njira, ya yunivesite ya Alabama. Mu Janeiro 2012 matimu awiriwa adakumana m'masewera omaliza olimbirana cikho, ndipo Alabama idapambana 21 kwa 0. Kuyambira tsiku limenelo mpaka 2018, LSU idagonja kwa Alabama maulendo 8 otsatizana. M'caka ca 2018 idagonja pakhomo pake penipeni, 29 kwa 0. Sidapeze ngakhale pointi imodzi.

Anthu odziwa mpira adali kunena kuti kaseweredwe ka LSU kadali kacikale. Anyamata ake adali amphamvu ndi aliwiro. Koma nthawi zambiri adali kungothamanga ndi mpira pakati, kuponya pang'ono. Adani adali atazolowera, ndipo adali kudziwa pokaima.

4. Mphunzitsi amene nchito idamuthera

Mphunzitsi wamkulu wa timu adali a Ed Orgeron. Iwo adabadwa m'caka ca 1961 ndipo adakulira m'katawuni kakang'ono ka Larose, ku Louisiana konko, pakati pa madambo ndi asodzi. Anthu a kumeneko amachedwa Cajun. Makolo awo akale adali kulankhula Cifalansa, ndipo ena amacilankhulabe. Mawu a Orgeron ndi aakulu ndiponso osasa. Anthu ena adali kuwaseka cifukwa ca kalankhulidwe kawo.

Kuyambira 2005 mpaka 2007 a Orgeron adaphunzitsa timu ya yunivesite ya Mississippi. Zinthu sizidayende bwino. Timu idapambana masewera 10 okha n'kugonja 25. Nchito idawathera. M'caka ca 2013 adagwirizira timu ya USC, ku California, kwa miyezi yocepa. Anyamata adawakonda, ndipo timu idapambana masewera 6 mwa 8. Koma akuluakulu a yunivesite adasankha munthu wina. A Orgeron adabwerera kwawo ku Louisiana.

M'caka ca 2015 adalowa nchito ku LSU ngati mphunzitsi wothandizira. M'caka ca 2016 adawapatsa timu yonse. Anthu ambiri adakayika, cifukwa adali kukumbukira za ku Mississippi.

A Orgeron eni ake adavomera kuti poyamba paja adali aukali kwambiri, ndipo adali kufuna kucita zonse okha. Tsono adasintha. Adayamba kuona anyamata a m'timu ngati ana awo. Adayamba kumvera aphunzitsi anzawo ndi kuwasiya agwire nchito zawo. Mawu amene adali kuwauza anyamata kawirikawiri adali akuti timu ndi imodzi, ndipo mtima wake ugunde pamodzi.

5. Mnyamata amene adadikira zaka zitatu

Woponya mpira wa timu adali Joe Burrow. Iye adabadwa pa 10 Dezembro 1996. Adakulira ku Athens, m'cigawo ca Ohio, kumpoto, kumene kumazizira kwambiri. Bambo ake adali mphunzitsi wa mpira womwewu pa yunivesite ya m'tawuni imeneyo.

M'caka ca 2015 Joe adalowa yunivesite ya Ohio State, imene ili ndi timu yochuka. M'timu iliyonse woponya amasewera mmodzi yekha. Ena amadikira kunja kwa bwalo. Joe adadikira caka coyamba. Adadikira caka caciwiri. Adali kulowa pokhapokha masewera ali pafupi kutha, timu itapambana kale. M'caka cacitatu, 2017, adathyoka fupa la dzanja loponyera. M'caka ca 2018 malo a woponya adatseguka, koma Joe adaona kuti malowo apita kwa mnyamata wina.

Pa zaka zonse za kudikira Joe sadasiye maphunziro. Adatsiriza digiri yake m'zaka zitatu. Cifukwa ca ici malamulo adamulola kusamukira ku yunivesite ina n'kuyamba kusewera caka comweco. A Orgeron adamuitana ku LSU, ndipo iye adapita.

Caka cake coyamba, 2018, cidali cabwino pang'ono. LSU idapambana masewera 10 n'kugonja 3. Mipira imene Joe adaponya idabala ma touchdown 16. Pa mipira 100 iliyonse imene adaponya, anzake adawakha pafupifupi 58. Padalibe amene adali kumuchula ngati katswiri. Koma bambo ake adapuma pa nchito kumayambiriro kwa 2019 kuti azitha kuonera mwana wawo m'caka cake comaliza.

6. Timu isintha kaseweredwe

Mu Janeiro 2019 a Orgeron adalemba nchito mphunzitsi wacinyamata, Joe Brady, wa zaka 29. Iye adacokera ku timu ya akuluakulu ya New Orleans Saints. Adagwira nchito pamodzi ndi a Steve Ensminger, mphunzitsi wacikulire amene adali atakhalitsa pa mpira. Wamkulu adavomera kumva nzeru za wamng'ono, ndipo wamng'ono adalemekeza wamkulu.

Awiriwa adabweretsa kaseweredwe katsopano. M'malo mounjikana pakati, anyamata owakha adayamba kumwazikana m'bwalo lonse, anayi kapena asanu nthawi imodzi. Adani sadathe kuwalonda onse. Joe adali kuyang'ana msangamsanga, n'kuona amene watsala yekha, n'kumuponyera. Timu idayambanso kusewera mofulumira kuti adani asapeze mpata wopuma.

Kaseweredwe kameneka kamafuna kuti woponya ndi wowakha adziwane bwino. Motero pa nthawi ya chuthi, mpikisano usadayambe, anyamata owakha adapatsidwa nchito yakuti aliyense awakhe mpira maulendo 10,000. Tsiku ndi tsiku adali pabwalo, kunja kukutentha, popanda woonera ngakhale mmodzi.

Pakati pawo padali Ja'Marr Chase, wamphamvu ndi waliwiro. Padalinso Justin Jefferson. Pamene Justin adatsiriza sekondale adali woonda, ndipo mayunivesite akuluakulu ambiri sadamufune. Akulu ake awiri adali atasewerapo ku LSU, ndipo iye adapeza malo mocedwa. Wothamanga ndi mpira adali Clyde Edwards-Helaire, mwana wa ku Baton Rouge komweko. Iye ndi wamfupi, pafupifupi mita 1 ndi masentimita 70. Ena adali kunena kuti wacepa msinkhu pa mpira umenewu.

7. Masewera oyamba

Mpikisano udayamba pa 31 Agosto 2019. LSU idagonjetsa Georgia Southern 55 kwa 3. Anthu adati mdaniyo adali wamng'ono, adikire aone.

Pa 7 Setembro timu idapita ku Austin kukakumana ndi Texas, timu yamphamvu. Patatsala mphindi zosakwana zitatu, LSU idali patsogolo ndi mapointi 6 okha. Idali itagwiritsa kale maulendo awiri mwa anayi aja, ndipo idafunika kupita patsogolo mayadi 17. Zikafika pamenepa matimu ambiri amasewera mwamantha. LSU ya kale ikadathamanga ndi mpira pakati. LSU yatsopano idasankha kuponya. Adani adamuthamangira Joe kuti amugwetse. Iye adasunthira kutsogolo pang'ono n'kuponya. Justin adauwakha mpira n'kuthamanga nawo mpaka kumapeto, ulendo wonse mayadi 61. LSU idapambana 45 kwa 38. Tsiku limenelo anthu adadziwa kuti timu yasinthadi.

Mu Outubro idagonjetsa Florida 42 kwa 28. Kenaka kudabwera Auburn, timu yodziwa kuchinga. Awa adali masewera ovuta koposa pa caka conse. Kuponya kudavuta, mapointi adasowa. Pamenepo LSU idapatsa mpira Clyde, wamfupi uja, kuti athamange nawo. Idapambana 23 kwa 20, kusiyana mapointi 3 okha.

8. Tsiku la Alabama

Pa 9 Novembro LSU idapita ku Tuscaloosa, kwawo kwa Alabama. Matimu onse awiri adali asadagonjepo caka cimeneco. Alabama idali itapambana masewera 31 otsatizana pakhomo pake. Mphunzitsi wake adali a Nick Saban, omwe aja amene adapatsa LSU cikho ca 2003 asadasamuke.

Caka capita LSU sidapeze pointi ngakhale imodzi. Ulendo uno, pofika nthawi yopuma, idali ndi mapointi 33, Alabama 13. Koma Alabama sidafooke. Itabwerera m'bwalo idagoletsa kawiri, ndipo kusiyana kudatsala mapointi 6. Anthu a ku Louisiana adagwira mtima, pokumbukira zaka zisanu ndi zitatu zija.

Anyamata a LSU sadanjenjemere. Alabama ikagoletsa, iwonso adali kugoletsa. Clyde yekha adafikitsa mpira kumapeto maulendo anayi. Pafupi ndi mapeto adani angapo adamukangamira, koma iye adapitirizabe kuyenda nawo. Masewera adatha 46 kwa 41. Anyamata adamunyamula Joe pamapewa.

9. Dzina pamsana ndi mawu a ku New York

Pa 30 Novembro Joe adasewera komaliza pabwalo la ku Baton Rouge. Osewera a LSU amalembedwa dzina kumsana kwa malaya. Ku Louisiana maina ambiri a mabanja ndi ocokera ku Cifalansa, ndipo amathera ndi zilembo eaux, zimene zimawerengedwa o. Tsono pomulonjera masewera asadayambe, Joe adathamangira m'bwalo atavala malaya olembedwa Burreaux. Bwalo lonse lidacemerera. Mlendo wa ku Ohio adalemekeza eni mudzi polemba dzina lake monga amalembera iwo. Tsiku limenelo LSU idagonjetsa Texas A&M 50 kwa 7. Patapita sabata idagonjetsa Georgia 37 kwa 10 mumzinda wa Atlanta.

Caka ciliconse wosewera woposa onse m'mayunivesite amalandira mphoto yochedwa Heisman. Pa 14 Dezembro 2019, mumzinda wa New York, mphoto imeneyi adalandira ndi Joe Burrow. Ataima kuti alankhule, misozi idatuluka. Adayamba ndi kuthokoza anyamata a mpanda aja, powachula maina. Adathokoza a Orgeron cifukwa compatsa mwayi pamene iye adali atatha zaka zitatu osasewera.

Kenaka adakumbukira kwawo. Adanena kuti dera la Athens ndi losauka. Adanena za ana amene amaweruka kusukulu ndi njala n'kukapeza cakudya cocepa kunyumba. Adati waima pamenepo m'malo mwa ana amenewo, ndipo iwonso angathe kudzafika pamene iye wafika.

America ndi dziko lolemera, koma nakonso kuli mabanja ogona ndi njala. Anthu ambiri amene adamva mawu a Joe adayamba kutumiza ndalama ku Athens County Food Pantry, malo amene amagawa cakudya kwa osowa. M'masabata ocepa ndalama zidapitirira madola 500,000. Mawu a kanthawi kocepa adadzaza miphika m'nyumba zambiri.

10. Masewera awiri omaliza

M'caka ca 2019 matimu anayi okha ndiwo adasankhidwa kulimbirana cikho. Adali LSU, Ohio State, Clemson ndi Oklahoma. Wogonja kamodzi adali kutuluka.

Pa 28 Dezembro LSU idakumana ndi Oklahoma ku Atlanta. Nthawi yopuma isadafike, mipira ya Joe idali itabala kale ma touchdown 7. Anayi mwa iwo adawakha ndi Justin, woonda uja amene adakanidwa. Masewera adatha 63 kwa 28.

Kudatsala Clemson. Timu imeneyi ndiyo idali itasunga cikho ca caka capita. Idali itapambana masewera 29 otsatizana. Woponya wake, Trevor Lawrence, adali asadagonjepo ciyambire kutsogolera timuyo.

Matimu adakumana Lolemba, pa 13 Janeiro 2020, mumzinda wa New Orleans, m'bwalo lalikulu lofoleredwa lochedwa Superdome. New Orleans ili ku Louisiana komweko, pafupifupi makilomita 130 kucokera ku Baton Rouge, conco LSU idali ngati ili pakhomo. Komabe poyamba zinthu zidavuta. Clemson idatsogola 7 kwa 0, kenaka 17 kwa 7. Caka conse LSU idali isadatsalirepo ndi mapointi 10.

Anyamata adacita zimene adazolowera pa chuthi cija. Joe adaponya, Ja'Marr adawakha. Joe mwini adathamanga n'kugoletsa. Pofika nthawi yopuma LSU idali patsogolo 28 kwa 17. Clemson idayandikira mpaka 28 kwa 25. Kucokera pamenepo anyamata ochinga a LSU sadailolenso kupeza pointi. Masewera adatha 42 kwa 25. LSU idatenga cikho cake cacinayi.

11. Kodi idapambana cifukwa ca ciyani?

Pa caka conse LSU idapeza mapointi 726. Mipira ya Joe idabala ma touchdown 60, pamene caka capita idabala 16. Panthawiyo padalibe woponya wa timu yaikulu ya yunivesite amene adafikapo pa 60. Pa mipira 100 iliyonse anzake adawakha 76, osati 58 monga kale. Ja'Marr adagoletsa maulendo 20, Justin 18. Maulendo 7 timu idagonjetsa mdani amene adali m'gulu la matimu 10 apamwamba.

Joe wa 2019 adali yemwe uja wa 2018. Dzanja lidali lomwelo. Cidasintha ndi kaseweredwe, ndi kudziwana kwa anyamata.

Dzina limene lidachuka ndi la Joe, koma mutu umodzi susenza denga. Anyamata asanu a mpanda, otsogoleredwa ndi Lloyd Cushenberry, sadali kugoletsa. Nchito yawo idali kukankhana ndi adani kuti Joe apeze kanthawi koponyera. Iwonso adalandira mphoto ya mpanda woposa yonse caka cimeneco. Mbali ya ochinga kudali Derek Stingley, wa zaka 18, amene adalanda mipira 6 ya adani ili m'mwamba. Kudalinso Patrick Queen ndi Grant Delpit, odziwa kugwira wonyamula mpira.

Zinthu zitatu zidakumana. Mphunzitsi wamkulu adavomera zolakwa zake zakale n'kusintha. Woponya sadataye mtima kapena kusiya sukulu pa zaka za kudikira. Ndipo aliyense adagwira nchito yake, yooneka ndi yosaoneka yomwe.

12. Zimene zidacitika pambuyo pake

Timu ya yunivesite sikhalitsa, cifukwa osewera ake ndi ophunzira ndipo amacoka. Mu Abril 2020 matimu a akuluakulu, amene amalipira malipiro, adasankha anyamata 14 a LSU. Woyamba kusankhidwa m'dziko lonse adali Joe Burrow, amene adapita ku Cincinnati Bengals, m'cigawo ca kwawo ca Ohio. Justin Jefferson adapita ku Minnesota Vikings. M'caka ca 2021 Ja'Marr Chase adamutsatira Joe ku Cincinnati. Aphunzitsi ena, monga Joe Brady, nawonso adapeza nchito kwina.

M'caka ca 2020 LSU idapambana masewera 5 n'kugonja 5. Kumapeto kwa 2021 a Orgeron adasiya nchito. Cikho cili ngati zokolola. Nkhokwe ya caka catha silimira munda wa caka cino.

Ku Athens, bwalo la mpira la sukulu ya sekondale imene Joe adaphunzirako lidapatsidwa dzina lake. M'caka ca 2020 lidakhazikitsidwa thumba la ndalama la dzina la Joe Burrow, lothandiza kupeza cakudya ca mabanja osowa a dera limenelo.

Mawu atsopano

Timu: gulu la anthu osewera mbali imodzi.
Cikho: mphoto ya timu yoposa onse.
Yunivesite: sukulu yaikulu yopitako munthu atatsiriza sekondale.
Kuwakha: kugwira cinthu coponyedwa cisadagwe pansi.
Yadi: muyeso wocepera pang'ono pa mita imodzi.
Touchdown: kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo.

Mafunso

1. Kodi mpira wa m'nkhani iyi ukufanana ndi cipatso canji?
2. Kodi timu imalowetsa anthu angati m'bwalo?
3. Kodi Joe adadikira zaka zingati asadapite ku LSU?
4. Kodi a Orgeron adasintha ciyani pa khalidwe lawo?
5. Kodi nchito ya anyamata asanu a mpanda ndi yotani?
6. Kodi Joe adakumbukira ana ati pamene adalandira mphoto?

Masamu

1. Timu yapeza mapointi 6, yawonjezera 1. Onse pamodzi ndi angati?
2. Timu yapeza mapointi 3, kenaka 3 ena. Onse pamodzi ndi angati?
3. M'caka ca 2020 LSU idapambana 5 n'kugonja 5. Idasewera masewera angati?
4. M'caka ca 2018 idapambana 10 n'kugonja 3. Idasewera masewera angati?

Kulemba ndi kujambula

Ana alembe mawu awa m'makope mwawo: caka, cikho, cisoti, mpira, timu. Kenaka ajambule mpira wobulungira ndi mpira wautali, umodzi pambali pa unzake.

Nchito ya kunyumba

Ana awiriawiri aponyerane mpira wa mapepala ndi kuwerenga mokweza maulendo amene awakha, kuyambira 1 mpaka 10. Asagwetsane. Madzulo makolo afotokozere ana nchito imodzi ya pamudzi imene munthu mmodzi sangaithe yekha, monga kufolera nyumba kapena kukolola, ndipo ana achule nchito ya munthu aliyense.